Mtsuko wa Yeremiya: Mawu kwa Amayi pa za Malo, Kumanga ndi Lendi

Kuwerenga: Yeremiya 32:6-15, 2 Mafumu 4:8-10 ndi 8:1-6

 Musanapitirire ndi tsamba lino, tsegulani Baibulo ndipo mmodzi wa inu awerenge mokweza ndime zili pamwambazi, chifukwa ine ndingozifotokoza m'mawu anga.

Ndikulemba ndili ku Mulunguzi kuno ku Zomba. Anthu akamva dzina limeneli amaganiza za nyumba zikuluzikulu zakale, za m'masiku amene Zomba linali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo amayesa kuti aliyense wokhala kuno ndi wopeza bwino. Chimene sadziwa n'chakuti ambiri amene takhalamo m'nyumbazi sitinali eni ake. Zinali nyumba zantchito kapena zalendi: za boma, za Malawi Housing Corporation, za yunivesite. Ntchito ikatha, nyumba nayo yatha. Ndaona malole ambiri akutsika msewu atasenza mipando, mabedi ndi mapoto. Mabanja ena ankatsika akuseka chifukwa ankapita kunyumba yawoyawo ku Matawale kapena ku Chinamwali. Koma m'malole ena munali mayi atakhala pamwamba pa katundu, duku lakuda kumutu, ana atamuzungulira, iye osadziwa kumene lole ikawatsitse. Ena mwa amayiwa tinkakhala nawo benchi limodzi ku St George's. N'chifukwa chake ndikuti nkhani ya malo ndi nyumba ndi nkhani ya mpingo, si ya abambo okha kapena anthu a bizinesi ayi.

Taonani nthawi imene Yeremiya anagula munda. Chinali chaka chakhumi cha ufumu wa Zedekiya. Ankhondo a ku Babulo anali atazinga Yerusalemu, ndipo mneneriyo anali atatsekeredwa m'bwalo la alonda kunyumba ya mfumu. Ndiye kukutulukira Hanameli, mbale wake, kudzamutsatsa munda wa kwawo ku Anatoti. Munthu wandende, dziko lili pankhondo, munda wake uli kumene adani akupondaponda: ndani wa ife akanatulutsa ndalama? Koma Mulungu anali atamuuziratu kuti agule, kuti anthu aone ndi maso kuti tsiku lidzafika loti nyumba ndi minda zidzagulidwanso m'dzikomo.

Alaliki ambiri akafika pamenepa amalalikira za chiyembekezo, ndipo salakwa. Koma ine chimene chimandikhudza ndi kagulidwe kake. Yeremiya sananene kuti, "Ndife pachibale, tingopatsana dzanja." Sananenenso kuti, "Poti Mulungu wandiuza, mapepala ngachiyani?" Anayeza siliva pasikelo, masekeli 17, anthu akuona. Analemba kalata yogulira munda, anaimata, anaitana mboni ndipo mbonizo zinasaina. Makalata anali awiri, wina womata, wina wotsegula woti aliyense awerenge. Kenaka anawapereka kwa Baruki pamaso pa wogulitsa, pamaso pa mboni ndi pa anthu onse amene anali m'bwalomo, n'kulamula kuti aikidwe mumtsuko wadothi kuti akhale zaka zambiri osaonongeka.

Amayi, ngati mneneri amene Mulungu anayankhula naye anaitana mboni pogula munda kwa mbale wake weniweni, ife ndife yani kuti tizichita manyazi kupempha lisiti?

Pakuti vuto lathu ndi manyazi. Timaona ngati kupempha kuti zinthu zilembedwe ndi kumuyesa mnzathu wakuba. Ine ndemwe ndinapsapo. Zaka zapitazo tinagula poloti kudzera kwa munthu amene tinkapemphera naye. Ndalama zake zinali za chiperegani chimene ndinadikira chaka chathunthu. Anandilembera timawu kumbuyo kwa kope la mwana, popanda mboni, ndipo ine ndinati zikomo n'kugwada. Tsiku limene tinapita ndi njerwa tinapeza wina atakumba kale maziko, ndipo iyeyo anali ndi mapepala enieni. Ndalama sizinabwerere, ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti ubale wathu mumpingo unathera pomwepo. Pepala limene ndinaopa kuti likanaononga ubale ndi limene likanausunga.

Tsono mukamafuna malo, funso loyamba si mtengo. Funso loyamba ndi lakuti, malowa ndi a yani? Mumzinda muno malo ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, ena ndi a Malawi Housing Corporation, ena ndi a khonsolo ya mzinda, ndipo ena ndi a anthu amene ali ndi lizi, kawirikawiri ya zaka 99. Wogulitsa akuuzeni kuti malo ake ali pansi pa yani, ndipo inu mupite nokha ku ofesiyo ndi nambala ya poloti mukafunse dzina limene lili m'kaundula. Musatume dobadoba amene wakupezerani malowo, chifukwa iye amadya pokhapokha malonda atheka. Funsani ngati malowo sanaikidwe chikole kubanki, ndiponso ngati palibe ngongole ya msonkho wa malo yotsalira, poti ngongole yotere imatsata malo ndipo idzakupezani inu. Pitani pamalopo mukaone mabikoni onse ndi maso anu. Gogodani kwa oyandikana nawo, makamaka mayi wa pakhomopo, mumufunse mwakachetechete. Amayi amadziwa malo amene ali pamkangano. Ndipo ngati wogulitsa ndi bambo wapabanja, funsani kuti mkazi wake ali kuti. Malo amene akugulitsidwa mayi wa m'nyumba asakudziwa, asiyeni. Musamange chimwemwe chanu pa misozi ya mnzanu. Ndalama perekani kudzera kubanki kuti pakhale umboni, osati zomanga pansonga ya chitenje, ndipo mukalipira musagone: yambani pomwepo zosintha dzina.

Kalata ya amfumu ndi umboni wabwino ndipo mafumu athu tiwalemekeze, koma si chiphaso cha umwini wa malo a mumzinda. Kumudzi nako zinthu zinasintha. Lamulo la malo a mafumu la 2016, limene linaunikidwanso mu 2022, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo. Komiti ya malo imene imayang'anira zimenezi imatsogoleredwa ndi agulupu, ndipo mwa mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Kodi mwa amayi a Mothers' Union alipo angati amene anaimirira posankha makomiti amenewa? Mipando ilipo, koma timaisiyira ena.

Tsopano ndifike pamene pamatiwawa. Papepalapo palembedwe dzina la yani?

Kuno kwathu, m'midzi yambiri ya chikamwini, mkazi amakhala pamalo a makolo ake. Mwamuna akamwalira, mayi ndi ana amatsala pamudzi pawo. Koma poloti ya m'tauni si ya chikamwini. Imagulidwa ndi ndalama, ndipo nthawi zambiri imalembedwa m'dzina la bambo yekha, ngakhale mayi ndiye anagulitsa mandasi, anatunga madzi omangira ndi kuphikira amisiri. Bamboyo akatsikira kulichete, abale ake amati ichi n'chuma cha m'bale wathu. Mayi amapezeka kuti kumudzi anachokako zaka makumi atatu zapitazo, munda wake anagawana ena, ndipo m'tauni dzina lake silikupezeka paliponse. Palibe choletsa kuti mayina a mwamuna ndi mkazi alembedwe onse awiri pa malo amodzi. Kambiranani zimenezi pamene muli pamtendere, osati pa tsiku la mkangano. Munalumbira paguwa kuti zanu zonse ndi za nonse. Kulemba mayina awiri n'kungoika lumbiro lomwelo papepala.

Kambiranani za wilo. Ndikudziwa yankho limene ambiri mudzalandira: "Kodi ukufuna ndife?" Muwatsegulire 2 Mafumu 20. Mneneri Yesaya anauza mfumu Hezekiya kuti akonze za banja lake popeza imfa inali pafupi, koma Mulungu anamuonjezera zaka 15. Kukonza za banja sikunaphepo munthu. Wilo iyenera kulembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine. Mbonizo zikhale anthu amene sadzalandirapo kanthu. Ndipo inunso amayi lembani yanu, chifukwa ana amasiye amavutika ndi mbali zonse ziwiri.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Mayi wamasiye akaopsezedwa akhoza kupita ku ofesi ya DC, kwa Administrator General, kupolisi, kapena ku Legal Aid Bureau ngati alibe ndalama za loya. Koma mayi amene waika mwamuna wake dzulo alibe mphamvu yoyenda m'maofesi yekha. Chimodzi mwa zolinga za Mothers' Union, bungwe limene Mary Sumner anayambitsa mu 1876, ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Timachita bwino kugona pamaliro, kuphika ndi kuimba usiku wonse. Nanga sabata yachitatu, anthu atabalalika, ndani amamuperekeza ku boma?

Ndinenenso mawu owawa, ndipo mundikhululukire. Olanda chuma cha masiye si abambo okha. Nthawi zambiri amene amawerenga mbale ndi mabulangete m'nyumba ya malemu ndi ife, alongo ake a malemuyo. Lamlungu tavala yunifolomu, Lolemba tikuuza mlamu wathu kuti atulutse makiyi. Mulungu amene amadzitcha mtetezi wa amasiye saona yunifolomu. Ngati pali wina mwa ife amene akukhala m'nyumba, kapena kudya lendi ya nyumba, imene mumtima mwake akudziwa kuti ndi ya ana a mchimwene wake, apite kwa wansembe akalankhule, ndipo abweze.

Za kumanga sindichulukitsa, chifukwa aliyense amamanga molingana ndi thumba lake. Koma za pomanga ndiyenera kunenapo. Akuluakulu a ku Zomba amasimbabe za Napolo wa mu December 1946, pamene madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri n'kukokolola milatho ndi nyumba. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatikumbutsa zomwezo, pamene anthu mazanamazana anafa m'chigawo cha kummwera, ambiri m'nyumba zomangidwa m'mphepete mwa mapiri ndi mitsinje. Mtsinje wa Mulunguzi umaoneka wofatsa ukamadutsa m'munda wa maluwa kupita kukathira mu Likangala, koma madzi saiwala njira yake. Poloti yotsika mtengo modabwitsa pitani mukaione nthawi ya dzinja. Ngati ili m'khwawa, m'dambo, kapena pansi pa phiri limene mitengo yake inatha, bwezani ndalama m'thumba. Ndipo pulani ya nyumba ipite kukhonsolo ikavomerezedwe musanakumbe maziko, kuopa kudzagwetsa chimene mwavutikira.

Ambuye Yesu pa Luka 14 ananena za munthu amene anayamba nsanja osawerengera mtengo, anthu n'kumamuseka. Nsanja zotere zilipo zambiri m'mizinda yathu: nyumba za zipinda zisanu zimene zinaima pa lintala, udzu utamera m'kati, eni ake akulipirabe lendi kwina. Bwanji osayamba ndi zipinda ziwiri ndi chimbudzi, kufolera, kulowamo, ndipo ndalama imene inali ya lendi izigula njerwa za chipinda chachitatu? Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anasunga ndalama zomangira pansi pa matiresi anadzuka zitachepa, koma amene anali atagula malata anali nawobe malata awo. Choncho mukapeza kangachepe gulani zipangizo zosaonongeka. Simenti yokha musaisunge miyezi yambiri, imauma. Katapila musamuyandikire n'komwe. Ngakhale ngongole ya banki m'khonde, imene imafuna kubwezedwa m'miyezi yochepa, ndi yoyenera geni yobweza msanga. Nyumba sibweza ndalama mwezi wamawa.

Ndi mmisiri gwirizanani polemba, ndipo muzilipira potsata ntchito: maziko akatha, khoma likafika pa lintala, denga likakwera. Musapereke zonse poyamba. Koma ntchito ikatha, lipirani tsiku lomwelo. Deuteronomo 24 imaletsa kugoneka malipiro a munthu wosauka waganyu, ndipo amayi amene amasenza madzi ndi mchenga pomanga nyumba zathu ali ndi ana amene akudikira ufa madzulo omwewo.

Tibwere kwa mayi wa ku Sunemu. Iye anaona kuti Elisa amadutsa kawirikawiri, ndipo anakambirana ndi mwamuna wake kuti amumangire kachipinda pamwamba pa nyumba. Onani kuti maganizo anachokera kwa mayi, ndipo sanachite mobisa. Baibulo limatchula zimene anaikamo: bedi, tebulo, mpando ndi nyale. Elisa sankalipira lendi, zoona, koma ine ndikawerenga zinthu zinayizi ndimaganiza za ana a sukulu. Chichokereni 1973, pamene Chancellor College inasamukira ku Zomba, mzinda uno wakhala wa ophunzira, ndipo lero ophunzira ambiri a University of Malawi amagona kunja kwa sukulu, ku Chikanda ndi madera ena ozungulira. Ambiri a ife tamanga timidadada kapena kukonza boizikota kuti tipezepo kangachepe. Palibe tchimo pamenepo. Lendi yaphunzitsa ana, yagula mankhwala, yasunga amasiye ambiri. Koma walira mvula walira matope. Mwana wa eni ake amene akugona m'chipinda chanu ali ndi pogona poyenera, powerengera, kuwala, ndi chitseko chokhoma bwino? Chimbudzi chimodzi chikutumikira anthu angati? Ngati simungalole mwana wanu wamkazi kugona m'chipindamo, musalandire ndalama ya mwana wa mnzanu. Ndipo khalani maso pakhomo panu: mtsikana amene wachedwa kulipira lendi asapezeke akuuzidwa ndi bambo kapena mnyamata wa pakhomopo kuti pali njira ina yolipirira. Zimachitika, ndipo zimachitika m'makomo a Akhristu.

Apanso mtsuko wa Yeremiya ukugwira ntchito. Wolowa m'nyumba yanu lemberanani: lendi ndi zingati, tsiku lolipira ndi liti, ya madzi ndi magetsi alipira ndani, chikaonongeka akonza ndani, wofuna kutuluka kapena kutulutsa apereke notisi ya nthawi yaitali bwanji. Makalata akhale awiri, wina wanu, wina wake. Gulani buku la malisiti. Ngati mungathe, nyumba yalendi ikhale ndi mita yake ya ESCOM ndi ya Water Board, chifukwa mikangano yambiri ya pakhomo imayambira pa mayunitsi. Pepala lotere limateteza nonse awiri: inu kwa munthu wozemba, iye kwa inu pa tsiku limene mwadzuka ndi mkwiyo n'kufuna kukweza lendi pakati pa mwezi. Wolephera kulipira muyankhule naye, mumve chavuta, mumupatse notisi monga munagwirizana, ndipo zikakanika bwalo la milandu lilipo. Zozula chitseko, zosasula malata, zotaya katundu panja mvula ikugwa, si za mwana wa Mulungu. Komanso sindikuti mukhale opusa. Ngakhale m'bale amene mwamusungitsa nyumba, lembani kuti mwamusungitsa, chifukwa pakapita zaka khumi ana ake adzati ndi ya bambo awo.

Lendi yonse si yodya. Ine ndimalangiza kuti ya mwezi umodzi pachaka iziikidwa padera yokonzera denga, mipopi ndi penti. Msonkho wa khonsolo ulipiridwe, ndipo ndalama ya lendi nayo ili ndi msonkho wake ku MRA. Kafunseni kuti mudziwe mbali yanu. Chachikhumi musaiwale. Ndipo inu amayi amene muli palendi, poti ambiri mwa ife ndi otero, lipirani mwininyumba musanagule nsalu ya ukwati wa mnzanu. Mwina naye ndi wamasiye amene akudikira ndalama yomweyo.

Nkhani ya mayi wa ku Sunemu sinathere pa kachipinda kaja. Pa 2 Mafumu 8 tikumva kuti Elisa anamuchenjeza za njala, ndipo iye anasamukira kudziko la Afilisti zaka zisanu ndi ziwiri. Pobwerera anapeza nyumba ndi munda wake zili m'manja mwa ena. Amayi amene amuna anu kapena ana anu ali ku Joni ndipo akutumiza ndalama zomangira kwa achibale, imvani pamenepa. Mayiyu sanakhale pansi n'kumati Mulungu adzaweruza. Ananyamuka yekha ndi mwana wake kupita kwa mfumu kukadandaula. Mulungu anakonza kuti pa nthawi yomweyo Gehazi, mtumiki wa Elisa, akhale akusimbira mfumu za mayi yemweyo, ndipo anamuchitira umboni. Mfumu inatuma nduna kuti imubwezere zake zonse, pamodzi ndi zokolola za m'mundamo kuyambira tsiku limene anachoka. Pemphero linalipo, koma panalinso miyendo yopita kubwalo ndi mboni yomudziwa.

Ndikupempha amayi apampando m'nthambi zonse kuti pa msonkhano wotsatira mupatule nthawi ya nkhani imeneyi. Musafunse munthu chuma chake. Ingofunsani kuti aliyense adziyankhe mumtima ngati akudziwa pamene pali mapepala a nyumba imene akukhalamo, ndiponso dzina limene lalembedwapo. Amene muli nawo mapepala, achotseni pansi pa matiresi ndi m'makatoni mmene chiswe ndi kudontha kwa denga zingawapeze. Akulungeni m'pulasitiki, muwaike m'chitini chotseka bwino, muchititse fotokope n'kusungitsa kwa mwana wamkulu kapena munthu wina wokhulupirika amene sakhala nanu nyumba imodzi, ndipo muwajambulenso pafoni. Ngati m'parishi mwanu muli loya kapena munthu wogwira ntchito za malo, pemphani wansembe amuitane adzayankhe mafunso. Ndipo sankhani amayi awiri panthambi iliyonse amene ntchito yawo idzakhale kuperekeza wamasiye ku ofesi ya DC, maliro akatha.

Ambuye akhale nanu nonse.